Nkhono yamanzere yopanda chitseko

Mvula yoyamba itagwa chaka chatha ndinapita kumudzi ku Salima kukaona amayi. M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinawapeza kudimba atanyamula chitini chakale cha penti, akutola nkhono pa nazale ya mpiru. Zinali zija zikuluzikulu za chigoba cha mizere yofiirira, zimene zimabisala chilimwe chonse n'kudzatulukira limodzi ndi ngumbi. Iliyonse akaitola ankaiponya m'chitinimo n'kuwazamo mchere, moti thovu linali litafika kukamwa kwa chitini.

"Amayi, mchere watsika mtengo kodi?" ndinatero moseka.

Iwo sanaseke. "Zimenezi n'zimene zikudwalitsa zidzukulu zanga likodzo. A zaumoyo ananena okha kuti tisamale ndi nkhono."

Ndinasowa poyambira, chifukwa pa mlandu umenewu inenso ndili ndi mbali yanga. Ntchito yanga ndi yomasulira. Zaka zingapo zapitazo bungwe lina linandipatsa kapepala ka uthenga wa likodzo kuti ndikaike m'Chichewa. M'Chingerezimo analemba momveka bwino kuti tizilombo ta matendawa timakulira mu nkhono za m'madzi opanda mchere. Malo papepalapo anali ochepa, ondituma ankafuna ntchitoyo tsiku lomwelo, ndiye ndinadula mchira wonse wa chiganizo n'kusiya liwu limodzi: nkhono. Wokonza zithunzi naye anapita pa intaneti, anakatenga nkhono yonenepa ya nyanga zazitali ikukwawa pa tsamba, n'kuimata pamwamba pa uthengawo. Anandionetsa asanasindikize, ine n'kuvomera kuti zili bwinobwino. Chitini cha amayi chija nditachiona m'pamene ndinazindikira kumene ulesi wa mtundu umenewo umakathera.

Nkhono ya kudimba ilibe mlandu wa likodzo. Mlandu wake ndi wa mpiru.

Vuto lagona pa liwulo. M'Chichewa chimene ine ndinakula nacho, chilichonse chokwawa chitasenza nyumba yake kumsana ndi nkhono. Ya kudimba ndi nkhono, ya m'chithaphwi ndi nkhono, chigoba chimene ana amatola pamchenga ku Senga Bay n'cha nkhono, ndipo ija yoterera yobisala pansi pa mtsuko timangoti nkhono yopanda chigoba, ngati kuti inachiiwala paulendo. Ndiye tayerekezani ndi nsomba. Mwana wa zaka 8 wa kunyanja sangasokoneze usipa ndi utaka, kapena kampango ndi mlamba. Amadziwa chambo, mbaba, mcheni, mpasa, sanjika, bombe, ndipo tinsomba tija tosatola ndi chala amatitcha bonya. Therere nalo lili ndi mayina ake: lobala, chewe, denje. Chichewa si chosauka mawu ayi. Chimene timadya timachitchula mpaka chidzukulu chake, chimene sitidya timachiunjika m'thumba limodzi. Ku Ghana ndi ku Nigeria nkhono ndi ndiwo ya pamsika, ku France amaidya m'malesitilanti odula, koma kwathu ukangotchula zodya nkhono munthu amalavulira kumbali.

Komabe makolo athu nkhono anaiyang'anitsitsa, ndipo umboni wake ndi mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinauloweza ndili ku pulayimale, ndinaulemba pa mayeso, ndaulangizira ana anga kangapo, koma kufika m'mawa umenewo ndinali ndisanawaonepo masowo. Ndinapempha amayi nkhono imodzi imene inali isanalawe mchere, ndinathira madzi pa simenti ya pakhonde, ndinaiika pamenepo n'kukhala pansi.

Kwa kanthawi inangokhala ngati mwala. Kenako m'mphepete mwa chigoba munayamba kutuluka mnofu wotuwa, wonyezimira, pang'onopang'ono ngati phala likamafuna kusefukira mumphika. Mutu unatuluka wosalala, wopanda kanthu. Ndiye panatuluka tinyanga tiwiri tatifupi cham'munsi, tikugwedezeka n'kumagunda pansi ngati tikufufuza njira. Pambuyo pake nyanga ziwiri zazitali zinayamba kufutukuka kuchokera mkati, monga mmene umatembenuzira sokosi, ndipo kunsonga kwenikweni kwa iliyonse kunatulukira kadontho kakuda, kochepa ngati njere ya bonongwe. Amenewo ndiye maso. Nditasendeza chala pafupi, nyanga imodzi inamira mkati, diso n'kuzimiririka, inzake ili chiimire ikundiyang'ana.

Nditabwerera ku Lilongwe n'kuyamba kuwerenga ndinaseka ndekha. Akatswiri a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1800 anagawa nkhono zopuma mpweya m'magulu awiri potengera maso omwewa. Gulu loyamba analitcha Stylommatophora, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza zonyamula maso pa mzati. Mmenemo ndi mmene muli nkhono ya amayi ija: nyanga 4, maso kunsonga kwa ziwiri zazitalizo. Gulu lachiwiri analitcha Basommatophora, za maso patsinde. Izi ndi za m'madzi opanda mchere, zili ndi nyanga ziwiri zokha, ndipo maso ake ali pansi pa nyangazo, pafupi ndi mutu. Nkhono zimene zimafalitsa likodzo muno mu Africa zili m'gulu lachiwirili. Choncho chithunzi chija ndinachivomereza chinkadziikira umboni chokha kuti n'chosalakwa, maso ali pamwamba pa nyanga poyera, ine womasulira osaona.

Mayina ataliatali amenewa amaopsa pachabe. Ukawamasula mfundo zake umapeza kuti ndi mawu wamba a munthu amene anayang'ana chinthu n'kunena zimene waona. Amene anakhazikitsa mwambo wopatsa chamoyo chilichonse mayina awiri a Chilatini ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo mayina a nyama amayambira kuwerengedwa pa buku lake la Systema Naturae monga linatulukira mu 1758. Mkuluyu nkhono anaziponya m'gulu la Vermes, kutanthauza nyongolotsi, limodzi ndi zofewa zina zonse zimene zinamusowetsa poziika. Ndiye thumba limodzi lija si la Achewa okha. Mu 1795 Georges Cuvier wa ku France ndiye anazipatula n'kuzipatsa dzina limene likugwirabe ntchito, Gastropoda, kuphatikiza liwu la mimba ndi la phazi. Zoyenda ndi mimba. Agogo anga akanafunsidwa akanatchula chimodzimodzi, ngakhale kuti chimene chimakhudza pansicho ndi phazi ndithu, matumbo ali m'chigoba. Mitundu ya Gastropoda imene ilipo lero imaposa 60,000, kuwerengera za pamtunda, za m'mitsinje, za m'nyanja ya mchere ndi zopanda chigoba zomwe. Pamwamba pa gululi pali lalikulu kuposa apo, Mollusca, kutanthauza zofewa, mmene mulinso zija za zigoba ziwiri zotsekana ngati kachikwama ka ndalama, komanso octopus, nyama ya miyendo 8 ya m'nyanja ya mchere.

Kutsika m'munsi, maguluwo amanka nachepa mpaka kufika pa banja, ndipo m'banjamo ndi mmene muli mayina awiri aja. Ine ndimawamva ngati kaundula wa kusukulu, mmene chiwongo chimayamba, dzina la mwana n'kubwera pambuyo. Loyambalo ndi ngati Phiri kapena Banda, limalembedwa ndi chilembo chachikulu ndipo ambiri amagawana. Lachiwirilo ndi la mtundu umodzi wokha. Nkhono zikuluzikulu za m'madimba mwathu ndi za banja la Achatinidae. Yotchuka m'banjali ndi imene mabuku akale amaitcha Achatina fulica, atsopano n'kumati Lissachatina fulica, mbadwa ya kummawa kwa Africa imene yazunguza mitu alimi a m'mayiko otentha. Inafika ku Calcutta, ku India, mu 1847. Mu 1966 mnyamata wina anabwera nazo zitatu ku Florida, ku America, kuchokera ku Hawaii, agogo ake n'kukazitaya m'munda wa maluwa, ndipo zinatengera boma pafupifupi zaka 10 ndi ndalama zokwana madola 1 miliyoni kuti lizithe. Nditawafotokozera amayi nkhaniyi pafoni anati agogowo analibe mchere.

Kusinthasintha kwa mayinaku kumatopetsa womasulira. Ukangoloweza lina, akatswiri alichotsa. Kuyambira pamene anayamba kuyeza DNA, ija ya m'thupi yosonyeza chibale cha zamoyo, anapeza kuti nkhono zina zofanana nkhope si pachibale, zina zosiyana kwambiri n'za mimba imodzi. Philippe Bouchet ndi Jean-Pierre Rocroi anakonzanso mndandanda wonse mu 2005, unakonzedwanso mu 2017, ndipo magulu akale ngati Pulmonata, za mapapu, ndi Basommatophora lija sakutengedwanso ngati mafuko enieni. Nkhono za likodzo tsopano zimaikidwa mu Hygrophila, zokonda chinyontho. Ndinadandaula nazo poyamba, koma ndikaganiza mmene kumudzi amakhalira pansi akuluakulu kuwongola mzere wa mbumba pakabuka nkhani ya ufumu, wina n'kupezeka kuti anali wobwera, ndimaona kuti ntchito yake ndi yomweyo. Maso a nkhonowo sanasunthe malo, chasintha ndi chikalata chokha.

Pali mawu ena atatu amene ndikanawadziwa tsiku lomasulira kapepala lija ndikanalemba zanzeru. Loyamba ndi radula, lilime la nkhono, lokhala ndi timano tambirimbiri m'mizere ngati sandipepa, limene imapalira tsamba kapena ndere za pamwala. Mabowo a pa mpiru wa amayi ndi ntchito ya limeneli. Lachiwiri ndi operculum, kachivindikiro kolimba kamene nkhono zina zimanyamula pa phazi, zikalowa mkati n'kutseka nako pakhomo. Ine ndimangoti chitseko. Nkhono ya kudimba ilibe chitseko chenicheni. M'chilimwe imangomata pakhomo ndi mamina ake amene amauma n'kukhala ngati pepala, mvula ikagwa n'kuboola.

Lachitatu ndi nkhani ya dzanja. Tengani chigoba, nsonga iloze kumwamba, khomo likuyang'aneni. Khomolo likakhala kudzanja lanu lamanja, akatswiri amati dextral. Likakhala kumanzere amati sinistral. Mwa mitundu 10 iliyonse, 9 kapena kuposa ndi yamanja, ndiye yamanzere ndi yosowa ngati mwana wamanzere m'kalasi, uja tinkamuona akumenyedwa pa dzanja kuti adye ndi lamanja. Ndipo nkhono ya likodzo la m'chikhodzodzo ndi yamanzere.

Chiwongo chake ndi Bulinus, banja lake Planorbidae. Ndi kanthu kakang'ono, kambiri sikaposa nzama, kofiirira, ka chigoba chopyapyala, khomo kumanzere, kopanda chitseko. Mbale wake m'banja lomwelo ndi Biomphalaria, wa likodzo la m'matumbo, amene chigoba chake n'chaphwatalala ngati batani kapena chingwe chokulungidwa pansi, cholowa pakati mbali zonse ziwiri. Dzinalo likutanthauza michombo iwiri. Kanyongolotsi koyambitsa matendawa anakapeza ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ku Cairo mu 1851, ndipo dzina la Chingerezi la likodzo linachokera pa iyeyu. Panapita zaka zoposa 60 kuti Robert Leiper, ali ku Egypt komweko mu 1915, aonetse kuti mitundu iwiri ya likodzo iliyonse ili ndi nkhono yakeyake. Schistosoma haematobium, wa magazi mumkodzo, amafuna Bulinus. Schistosoma mansoni, wa m'matumbo, amafuna Biomphalaria. Wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timasambira kusaka nkhono yake, ndipo tikapanda kuipeza m'maola ochepa timafa. Tikaipeza timaswana mkatimo, pakatha mwezi ndi masiku timatuluka miyandamiyanda tili ndi mchira wa mphanda, makamaka dzuwa likafika paliwombo, nthawi yomwe ana amathamangira kukasamba. Timalowa pakhungu. Ine ndinadwalapo ndili mnyamata. Tinkasambira m'dambo tikamachokera koweta mbuzi, ndipo timadontho ta magazi pomaliza kukodza anzathu okulirapo ankati ndi chizindikiro chakuti wakula, moti amene analibe ankachita manyazi. Lero ana amaimikidwa pa ndodo yoyezera msinkhu kusukulu n'kupatsidwa mapiritsi a praziquantel, aja akuluakulu owawa amene amachititsa chizungulire ukamwa usanadye.

Kunyanja kwathu ndiye kumene mayinawa amasiya kukhala a m'buku. David Livingstone atafika pa nyanjayi mu 1859 anali ndi dokotala John Kirk, amene mapiri a Kirk Range anatengera dzina lake. Kirk ankatola zomera ndi zigoba n'kumatumiza ku Ulaya, ndipo mu 1865 Heinrich Dohrn wa ku Germany anatchula nkhono yaikulu ya m'nyanjayi kuti Lanistes nyassanus. Tamverani liwu lachiwirilo. Ndi Nyasa, nyanja, liwu la kwathu konkuno litavekedwa jekete la Chilatini. Zigoba zikuluzikulu zimene mumaponda pamchenga zambiri n'za imeneyi. Ukachiimika khomo limaoneka kumanzere, koma ili ndi chitseko, ndipo likodzo siifalitsa. Ikafa, chigoba chake chimapeza lendi: kuli kansomba ka mtundu wa mbuna kamene kamabisalamo, ndipo kanapatsidwa dzina lakuti lanisticola, wokhala mwa Lanistes. Ziliponso zija zazitali zosongoka ngati msomali, Melanoides, zamanja, za chitseko, zodzaza mchenga wa m'mphepete. Nazonso zilibe mlandu wa likodzo. M'madambo muli ina yamanja yopanda chitseko, Lymnaea natalensis, imene imasunga tizilombo towononga chiwindi cha ng'ombe, tija ogulitsa nyama amadula n'kutaya.

Kwa nthawi yaitali anthu ankakhulupirira kuti nyanja yeniyeni, ya mchenga woyera ndi mafunde, ilibe likodzo. Wodziwika anali Bulinus globosus, wobulungira uja, wokonda madzi odekha a udzu ndi bango, mitsinje ndi zithaphwi. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 odwala anayamba kuchuluka ku Chembe, ku Cape Maclear, kuphatikizapo alendo amene sanapondemo m'dambo. Mu 2001 Henry Madsen ndi anzake analengeza kuti Bulinus nyassanus, imene E. A. Smith wa ku London anaitchula dzina kalekale mu 1877, nayonso imasunga tizilomboti. Imeneyi imapezeka m'nyanja yathu yokha, ndipo imakhala itadzikwirira pang'ono mumchenga, pamalo poyera pomwe munthu angati apa ndiye pabwino kusambira. Madsen ndi katswiri mnzake Jay Stauffer anagwirizanitsa kuchuluka kwa nkhonozi ndi kuchepa kwa nsomba zodya nkhono, makamaka Trematocranus placodon, ya mano aphwatalala kukhosi ophwanyira zigoba, imene makoka a maso ang'onoang'ono okokera kumtunda anaipulula. Ndiye mu 2017 ofufuza anapeza Biomphalaria pfeifferi m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi, ndipo likodzo la m'matumbo linapezeka mwa ana a sukulu a kumeneko. Globosus, nyassanus, pfeifferi: kwa msodzi zonsezi ndi nkhono, koma iliyonse ili ndi malo ake, ndipo kudziwa kuti yapezekayo ndi iti ndi kumene kumauza a zaumoyo kuti ayeze mkodzo kapena chimbudzi.

Pa Khirisimasi ndinabwereranso kumudzi nditakonzeka. Ndinamangirira sefa yakale ku nsungwi yaitali, ndinatenga mbale yoyera ndi supuni, n'kupempha amayi kuti andiperekeze pa dziwe limene anthu amachapira. Sindinalowe m'madzi. Ndinaima pamtunda, ndinapisa sefa pansi pa udzu woyandama, n'kukhuthulira matope m'mbale. Kawiri konse munangotuluka tizidutswa ta masamba ndi ana a achule. Kachitatu, matope atadikha, tinthu tinayi tofiirira tinayamba kuyenda m'mbali mwa mbale. Ndinatembenuza kamodzi ndi supuni, ndinakajambula ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Nsonga kumwamba, khomo kumanzere, chitseko palibe. Ndinawauza kuti pali ina yamanzere yotchedwa Physa imene imafanana nayo, ndiye wotsimikiza dzina ndi katswiri, koma yotere ndiye yoyenera kuikayikira.

Amayi anawerama, anayang'ana m'mbale, anayang'ana pafoni, n'kuyang'ananso m'mbale.

"Kameneka? Kopanda ndi mnofu womwe?"

"Komweka, amayi."

"Nanga maso ake ali pati?"

Ndinawaonetsa timadontho tiwiri patsinde pa tinyanga. Anatenga nthawi, kenako anagwedeza mutu. "Iii, ndiye ndathera mchere wanga pa osalakwa. Kamanzere ngati malume ako."

Madzulo ake ndinawamva akukalipira mdzukulu wawo amene anabwera kabudula ali chonyowa. Sanatchule nkhono. Anati kudziwe kuja kuli timanzere, akadzamuonanso kumeneko adzamudziwa. M'mawa mwake ndinawapeza kudimba ndi chitini chija, akutola zikuluzikulu zija monga kale, kungoti ulendo uno ankaziphwanya ndi mwala n'kuponyera abakha.